Nambala ya Malemu Namaona

Inu mukamva za mizimu mumangoganiza za manda, mikuyu ikuluikulu ndi njira zodutsa m'dambo. Chabwino, n'komwe imatchuka. Koma imene ndikuuzaniyi inachitikira m'kachipinda kozizira, kopanda windo, kodzaza mawaya, pachipatala china cha mishoni chimene chili pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo zambiri zinachitika dzuwa lisanalowe n'komwe. Musaseke, anthuni. Malizani Likoswe nayenso poyamba ankaseka.

Malizaniyu ndiye ankayang'anira makompyuta pachipatalapo. Ntchitoyo anailowera pansi pa a Namaona, bambo wachikulire wa ku Phalombe amene anayala mawaya a chipatala chonsecho, kuyambira ku labu mpaka ku wodi ya amayi oyembekezera. A Namaona ndi amene anamupezera nyumba atangofika. Ndi amene anamuimira ngati bambo wake tsiku la chinkhoswe, poti bambo ake enieni anamwalira iye ali wamng'ono. Munthu ukamva makiyi akulira m'khonde la chipatala, kenako kafungo ka mankhwala opaka pachifuwa, onunkhira bulugamu aja, unkadziwiratu kuti a Namaona afika.

Tsono kuti mumve bwino, ndikuuzeni kanthu kamodzi ka ntchito yawoyi. Kompyuta iliyonse yolumikizidwa pa netiweki imakhala ndi nambala yakeyake, ndipo ziwiri sizingagawane nambala imodzi. Zikagawana, uthenga umasokera, wina kupita uku wina uko. Palinso kalamulo kena kamene umalemba pofuna kudziwa ngati kompyuta ina ili moyo: umalemba nambala yake, kauthenga n'kupita, ndipo ikakhala ilipo imayankha. A Namaona ankakatchula kugogoda. "Usanakwere m'denga kukang'amba mawaya, yamba wagogoda, mwanawe," ankatero. Yawo kompyuta inali ndi nambala yothera ndi 9, ndipo inakhala yawo zaka zonse.

M'mwezi wa Juni, chiperoni chitagwira, a Namaona anadwala chifuwa mpaka kugonekedwa m'wodi ya abambo, pabedi la pawindo. Sabata yomweyo kunabwera seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosunga zonse za odwala ndi zotsatira za ku labu. Malizani anasangalala nayo ngati mwana wagulidwa nsapato. Ankalowa m'kachipinda kaja m'mamawa n'kutuluka kutada, maso ali psu ndi sikirini yakuda ya zilembo zoyera.

Mayi Mulipa, nesi wamkulu wa wodi ya abambo, anabwera kudzagogoda pachitseko.

"A Likoswe, madala anu akukuitanani."

"Auzeni ndikubwera, mayi. Ndingomaliza ichi."

Mawa lake anabweranso, mkucha wake chimodzimodzi, yankho lake lomwelo. Ndipo musaganize kuti wodiyo inali kutali. Khonde limodzi lokha, kudutsa pa famase, kukhota kumanzere, basi wafika. Malizani sikuti ankawada, ayi ndithu. Ankangoti chifuwa ndi chifuwa, madala atuluka, ndidzawaonetsa seva itayaka kuti adzanyadire. Lachinayi m'mawa, a Namaona anatisiya.

Tsiku loika maliro, lole ya chipatala inanyamula anthu kupita ku Phalombe. Malizani sanakwere. Bwana wa chipatala, a Chikaonda, anati katswiri wochokera ku Blantyre wodzalumikiza makina a ku labu ndi seva akubwera tsiku lomwelo, ndipo akaphonyedwa sadzaonekanso msanga. Malizani anavomera mofulumira kuposa mmene zinafunikira. Kunena zoona, ankaopa kukayang'anizana ndi mayi wamasiye.

Tsiku limenelo seva inafunika nambala yokhazikika. Nambala zimene anazipatula kuti zikhale zokhazikika zinali zitatha, zina ku mapulinta, zina ku makina a ekisileyi. Malizani anayang'ana, n'kuona imodzi yomasuka. Pa ola limene anzake ankathira dothi ku Phalombe, iye anatsegula fayilo ya netiweki ya seva, n'kulembamo nambala yothera ndi 9. Katswiri uja anaikhoma m'makina a ku labu, Malizani n'kuzungulira mawodi onse kuuza kompyuta iliyonse kuti seva izikaifuna pa nambala imeneyo.

Madzulo lole itabwerera, mayi Mulipa anamupeza m'khonde atanyamula kompyuta ya a Namaona, akukaisiya kusitolo, chipinda chosungiramo katundu wa chipatala. Chitenje cha mayiwo chinali chidakali ndi fumbi la kumanda.

"Mwayamba kale kusesa?" anafunsa. "M'meto usanachitike?"

Paja abale anali atagwirizana kuti kumeta kudikire mwana wawo wamkulu amene anali ku Joni, ndipo mpaka tsiku limenelo katundu wa malemu sakhudzidwa, mpando wawo sakhalapo munthu.

"Mayi, ndangotenga nambala. Si malaya, si mpando."

"Ankaigwiritsa ntchito ndani?"

"Iwowo."

"Ndiye ndi yawo." Mayi Mulipa anapukusa mutu n'kupitirira.

Masiku oyamba zonse zinayenda. Kenaka zinayamba pang'onopang'ono. Chakumasana netiweki inkangoti zii kwa kanthawi, madokotala n'kumadina pakompyuta, zotsatira za magazi osabwera. Kanthawi kena n'kubwerera yokha. Malizani anachita zonse zimene munthu amachita. Anasintha waya wa seva. Anawerenganso fayilo ija mzere ndi mzere, kuona ngati nambala ya khomo lotulukira kunja ili bwino, ngati sanaphonye kadontho. Anazimitsa netiweki ya seva n'kuyatsanso. Zonse zinali m'malo mwake. Koma seva inkangolemba mawu amodzimodzi: pali makina ena amene akuti nambala iyi ndi yawo.

"Wina wabwera ndi laputopu yake," anadziuza. Anazula waya wa seva kuti nambalayo itsale yopanda mwini, n'kugogoda pa 9 kuchokera pa laputopu yake.

Inayankha.

Anagogodanso. Inayankhanso, mosachedwa, mwaulemu, mzere pansi pa mzere. Ndiye anafufuza nambala ina, ija makina aliwonse amabadwa nayo kufakitale, imene siisintha. Anailemba padzanja ndi bolopeni, n'kuyamba kuyerekeza ndi makompyuta a chipatala chonse. Sanaipeze. Pomalizira, mtima usakufuna, anatsegula kusitolo. Kompyuta ya a Namaona inali pansi pomwe anaisiya, pakati pa zidebe ndi matiresi akale, yopanda waya wa magetsi, yopanda waya wa netiweki, fumbi litayamba kale kukhala pamwamba. Anaitembenuza n'kuwerenga kapepala ka kumbuyo. Nambala yake inali yomwe ija ya padzanja pake.

Anaseka. Inde, anaseka, kuseka kouma. Anati pali chimene walakwitsa, mawa adzachiona bwino.

Koma mawa lake chinasowa ndi kapanilo kake kokhomera mitu ya mawaya. Anakasiya patebulo, chitseko anakhoma yekha, m'mawa kulibe. Mkucha wake tochi. Ndipo m'kachipinda kaja, mmene nthawi zonse munkanunkha fumbi lotentha la makina, munayamba kumveka kafungo ka bulugamu. Sikanali kochuluka. Ukakafunafuna kankasowa, ukaiwala kankabwera.

Tsiku lina m'mawa akupalasa njinga kupita kuntchito, nkhungu itaphimba tiyi yense, anaona munthu patsogolo pake, nayenso panjinga, atavala jekete lalitali, pakaliyala atamanga mkombero wa waya wabuluu. Malizani anapalasa mwamphamvu kuti amupeze. Munthuyo sankafulumira, koma mtunda pakati pawo sunkachepa. Pageti la chipatala anakhotera mkati. Malizani atafika anafunsa mlonda kuti walowayo ndi ndani.

"Walowa? Inu ndinu woyamba, achimwene. Getili ndikulitsegulira inu."

Apa m'pamene anasiya kuseka. Anaima kutsogolo kwa swichi, bokosi lija mawaya onse a chipatala amakumanamo, uliwonse ndi kanyali kake kobiriwira. Atazula kaye waya wa seva, anayamba kuzula mawaya enawo umodziumodzi, akugogoda pa 9. Anazula wa ku famase, inayankha. Wa ku ofesi, inayankha. Anafika pa waya wina wakale, wotuwa, wa pakona, wopanda chizindikiro, umene kanyali kake kankaphethira pang'onopang'ono, mosiyana ndi tinzake tonse. Atauzula, yankho linaleka.

Anapuma mpweya waukulu. Anabwezera waya wa seva, netiweki n'kuyenda bwinobwino tsiku lonse. Madzulo anakhoma chitseko, kiyi m'thumba.

M'mawa anapeza waya wotuwa uja uli m'malo mwake. Ndipo sunangolowetsedwa chabe. Unali utamangidwa bwino pamodzi ndi anzake ndi kachingwe ka mphira kodula ku chubu cha njinga, mfundo yake yopindira pansi. Pachipatala chonsecho munthu mmodzi yekha ndiye ankamanga mawaya choncho. Malizani anakhala pansi, pasimenti penipeni.

Anauzulanso tsiku limenelo, ndi linzake. M'mawa uliwonse unkapezeka utabwerera.

Linafika Lachisanu, m'meto uli mawa lake. Netiweki inagwa kuyambira m'mawa osadzukanso. Anamwino ankathamanga ndi mapepala kuchokera ku labu, odwala atadzaza pabenchi, ena akubwerera osathandizidwa. A Chikaonda analowa m'kachipinda kaja osagogoda.

"Likoswe, ndatopa nazo. Seva yatsopano, mavuto atsopano! Ndikufuna izi zithe lero, wamva? Lero."

Njira zinalipo ziwiri, ndipo Malizani ankazidziwa zonse. Akanatha kuibweza nambalayo, seva n'kuipezera ina. Koma kutero kunali kuzunguliranso mawodi onse, ndi kuchonderera katswiri wa ku Blantyre kuti abwerenso. Njira inayo inali kupeza kumene waya wotuwawo ukuthera, n'kuthana nazo komweko.

Anabwereka tochi ndi makwerero, n'kukwera m'siling'i. Munali mdima ndi ndowe za mileme. Anaugwira wayawo ndi dzanja limodzi n'kumakwawa nawo pamitanda. Ankayembekeza kuti ukhotera ku ofesi yakale ya a Namaona, koma unapitirira. Unadutsa pamwamba pa famase. Unakhota kumanzere. Pamenepo Malizani anaima, chifukwa njira imeneyo anaizindikira. Kutsogolo kwake, mumdima mmene tochi sinkafika, china chake chinalira pang'ono, ngati makiyi akagundana m'chiuno mwa munthu amene wasuntha pokhala. Sanaunikeko. Anayang'ana pansi kudzera pa kabowo ka siling'i n'kuona mabedi.

Anatsika n'kuzungulira, kukalowera pakhomo la wodi ya abambo, khomo limene sanalipondepo mwezi wonsewo. Wodi inali yodzaza, ena atagona pamatiresi pansi, koma bedi la pawindo linali lopanda munthu, loyalidwa bwino. Kuseri kwake, kukhoma, kunali soketi yakale ya netiweki, yopanda chilichonse cholowetsedwamo. Pakabati ka pambali pa bedilo panali kapanilo kake ndi tochi yake, zitaikidwa moyandikana.

"Mwafika tsopano," anatero mayi Mulipa kumbuyo kwake.

"Bedili bwanji lilibe munthu?"

"Aliyense amene tamugonekapo amapempha kuti timusunthe. Amati pali mwini wake. Amati akumva munthu akutsokomola chapafupi, akufunsa ngati mnyamata wabwera." Mayiwo anatsitsa mawu. "A Likoswe, ine za mawaya anuzo sindizidziwa. Koma munthu amene anakuitanani akadakuitanani. Khalani pansi apa. Mupepese. Muwabwezere chawo mpaka mawa akamete. Tsiku limodzi lokha, bambo."

Malizani anayang'ana bedilo. Fungo la bulugamu linali paliponse tsopano. Ankafuna kukhala. Ndikukuuzani, ankafunadi, dzanja lake linali litagwira kale chitsulo cha bedi. Koma akakhala anena chiyani, odwala onsewa akumuyang'ana? Ayambira pati? Foni inalira m'thumba. A Chikaonda.

"Ndibweranso, mayi," anatero. "Ndingomaliza ichi."

Mayi Mulipa anatseka maso ngati wawathira mafuta otentha. Malizani mwiniyo anawamva mawu akewo atatuluka kale, koma miyendo inali itayamba kuyenda.

M'kachipinda kaja anatenga pulayasi. Kuzula kunali kutakanika, ndiye anaugwira waya wotuwawo pafupi ndi khoma, pamene sungalumikizike wokha. Kanyali kake kankaphethira pang'onopang'ono ngati munthu wopuma ali m'tulo. Anayang'ana kumbali, n'kudula.

Kanyali kanazima. Panalibe kulira, panalibe mphepo, palibe chimene chinagwa. Fungo lija linangochoka, n'kutsala fumbi lotentha la makina. Seva inatenga nambala yake mosakanganirana ndi wina, ndipo pasanathe nthawi a ku labu anaimba kuti zonse zikuyenda. A Chikaonda anabwera kudzamugwira paphewa. "Ndinadziwa kuti uzitha," anatero.

Loweruka anakwera minibasi ya m'mawa kupita ku Phalombe, mumtima akuti akapepesa komweko, pamaso pa abale, monga mwa mwambo. Anafika anthu atameta kale, tsitsi litasesedwa. Mayi wamasiye anali pamkeka kuseri kwa nyumba, mutu uli mbee. Malizani anagwada patali.

"Sendera kuno, mwanangu," anatero mayiwo. Sanamukalipire, ndipo bola akanamukalipira. "Bambo ako ankakufuna kwambiri."

"Ndinalakwa, amayi. Ndinatanganidwa ndi zopanda pake."

"Ankadziwa kuti sadzuka. Ankati, 'Mnyamata uja ndimupatse ndekha malo anga. Makiyi, ofesi, ngakhale kanambala kanga kaja, makina atsopanowo adzakafuna. Ndimuike m'manja, ndimudalitse, asadzakhale ngati wolanda.' Ine ndinkati ndikuuza ndine, iwo ayi, ankafuna pakamwa pawo." Anakonza mpango pamapewa. "Makiyiwo sitinawapeze m'katundu wawo. Tafunafuna."



"Chiwaikireni, akhala akundibwerera kutulo," anapitiriza mayiwo. "Ali pabedi lomwe lija la pawindo, opanda nsapato. Ndikati tiyeni kwathu, amati, 'Ndikudikira mnyamata wanga, akuti akubwera.' Koma usiku wathawu anabwera atavala nsapato ndi jekete. Ndinafunsa kuti kodi wabwera? Anati, 'Ayi. Watanganidwa, tisamuvutitsenso.' Basi, n'kutembenuka."

Amene analipo amati Malizani analira ngati mwana, chafufumimba pafumbi, mpaka amuna anachita kumunyamula. Sanadikire chakudya. Anakwera galimoto yoyamba imene anaipeza, n'kufika kuchipatala dzuwa likupendeka.

Pamsomali wa panja pa chitseko cha kachipinda kaja panali makiyi a a Namaona. Panja, osati mkati, mmene munthu amasiyira chinthu akapeza mwini nyumba watseka.

Sanagone tulo tabwino sabata imeneyo. Analumikiza waya uja, mutu watsopano uku ndi uku, n'kuumanga ndi mphira ya chubu. Anachotsa nambala pa pulinta ina n'kuipatsa seva. Anazungulira mawodi onse, anachonderera katswiri wa ku Blantyre mpaka anabwera akung'ung'udza. Ntchito imene ankaiopa ija inatha, ndipo sinali yoopsa monga ankaganizira. Nambala yothera ndi 9 inatsala yomasuka. Ndiye anatenga laputopu, kudutsa pa famase, kukhota kumanzere. Pabedi la pawindo panali patagona kale mkulu wina wothyoka mwendo, akuliza mkonono mwamtendere. Malizani anakhala pansi m'mbali mwa bedilo, n'kulowetsa waya wake musoketi ya pafupi.

"Ndabwera, madala," ananong'ona. "Ndamaliza."

Anagogoda pa 9. Kauthenga kanapita. Anadikira. Sikirini inalemba kuti palibe yankho.

Papita zaka tsopano. Netiweki ya pachipatala paja siivutavuta, anthu amamuyamikira Malizani, ndipo imvi zayamba kumutuluka. Makiyi aja amayenda nawo m'chiuno, moti ongobwera kumene amati akamva kulira kwake amadziwa kuti a Likoswe afika. Nambala ija sanaipereke kwa makina ena alionse, ndipo amene angayerekeze kuipempha amaona nkhope ina. M'mawa uliwonse, asanavule jekete, asanayang'ane seva, amayamba wagogoda pa 9, n'kukhala manja ali pamaondo, kudikira mpaka mzere womaliza.

Mayi Mulipa anamufunsapo tsiku lina kuti akuyembekeza chiyani, poti munthu anapita kale mwamtendere.

"Ndikudziwa, mayi," anayankha, maso ali pasikirini. "Iwo anandidikira mwezi wathunthu. Ine ndangoyamba kumene."